Lindalva, Wotsegula Maso a Akufa

Lindalva ndinkakhala naye benchi imodzi ku sekondale kwathu ku Crato, ndipo pa masamu panalibe womuposa. Mayi ake, a Quitéria, ankachapa zovala za anthu, ndipo aliyense wobweretsa mtolo ankamva mawu omwewo: "Mwana wangayu adzakhala namwino ku Fortaleza. Sopo adya manja anga okha, ake ayi." Titamaliza sukulu mu 1984 tinalemba mayeso olowera ku koleji, n'kuyamba kudikira.

Podikirapo ine ndinkathandiza azakhali anga kugulitsa ufa wa chinangwa pamsika. Lindalva anapeza ganyu kwa a Deusdete, mkulu wina wokonza zithunzi kuseri kwa tchalitchi. Masiku amenewo anthu akumidzi ankabweretsa tizithunzi tawo kuti atikulitse n'kutipaka utoto. Mlimi ankatuluka atavala jekete ndi tayi zomwe sanazikhudzepo, mkazi wake ali ndi ndolo. Koma ambiri anajambulidwa kamodzi kokha, ali m'bokosi la maliro, ndiye ntchito yaikulu inali kuwatsegula maso kuti pakhoma azioneka amoyo. A Deusdete ankatengera maso a mwana kapena m'bale wa malemuyo. Lindalva ankangopatsidwa matayi ndi makolala.

Tsiku lina masana ndinamupititsira chakudya, ndipo ndili pomwepo kunalowa mayi wina wa kuphiri la Araripe, dzina lawo a Zulmira. Anamasula mpango n'kutulutsa kachithunzi ka bambo wogona pakati pa maluwa.

"Amuna anga awa. Ndikufuna azindiyang'ana."

"Muli ndi mwana wofanana nawo, mayi? Kapena m'bale wawo?" anafunsa a Deusdete.

"Mwana tinalibe. Abale awo anamezedwa ndi São Paulo kalekale."

"Nanga maso awo anali otani?"

"Anali maso basi, bambo. Awiri."

Sabata imeneyo manja a a Deusdete ankanjenjemera kwambiri, moti mayiwo atachoka anamukankhira Lindalva chithunzicho. "Iwe wamasamu, ika akuda awiri ofanana. Zaluso ayi."

Lindalva anajambula. Atamaliza, m'diso lakumanzere munali kadontho koyera pafupi ndi kamwana ka diso.

"Ichi n'chiyani? Ntchentche yanyerapo?" anatero a Deusdete. "Fufuta."

Anafufuta, n'kuyambiranso. Kadontho kanabwerera pamalo pomwepo. Anandiuza pambuyo pake kuti sankafuna kukaika, koma diso lopanda kadonthoko linkaoneka la munthu wina, ndipo dzanja linkangopita lokha. Tsiku la msika loti a Zulmira adzatenge chithunzicho linakwana, a Deusdete anangoti zikhale choncho.

A Zulmira atachiona chithunzicho sanalire. Anakhala pansi, pasimenti, miyendo atatambasula.

"Wakuuzani ndani?" anafunsa. "Munga unawabaya m'diso ali mnyamata, akuthamangitsa ng'ombe m'tchire. Ine sindinanene. Wakuuzani ndani?"

Mayiwo anadzuka, anagwira dzanja la Lindalva, analitembenuza n'kuliyang'ana, kenaka analisiya msanga ngati lawaotcha.

Nkhani inafalikira. Anthu anayamba kubwera kuchokera ku Barbalha ndi ku Exu akufunsa "mtsikana uja". Sikuti zinkatheka nthawi zonse. Ena ankayang'ana n'kupukusa mutu kuti si iyeyu, n'kumapita akudandaula. Koma zikatheka, m'shopumo munkazizira. Bambo wina anabisa nkhope ndi chipewa pamaso pa chithunzi cha mayi ake, akuti ankamuyang'ana momwe anamuyang'anira tsiku lomwe anagulitsa munda. Anzathu ena a m'kalasi anayamba kuwoloka msewu akamuona Lindalva. Anyamata ankamukuwiza: "Usandiyang'ane, ndikadali moyo!"

Iye anawonda. Ndinamufunsa ngati amalota anthuwo.

"Sindilota, Neide. Sindiona kanthu, sindimva kanthu. Zili ngati samu yomwe sinatuluke. Umangodziwa kuti pakusowa kanthu, mpaka utakapeza."

Zotsatira zitatuluka, iye anakhoza, ine ndinalephera. A Quitéria anavina pabwalo thovu lili m'manja. Lindalva anakwera basi ya ku Fortaleza ali wosangalala ngati wothawa m'ndende, ndipo ndinaganiza kuti za zithunzi zathera pomwepo.

Chaka chisanathe ndinamupeza atakhala pa sutikesi yake pa depoti ya basi ku Crato, akuopa kupita kunyumba. Sanamuchotse sukulu, ndipo ankakhoza bwino. Anandifotokozera kuti m'chipatala momwe ankaphunzirira munamwalira gogo wina yemwe anatoledwa pamsewu, wopanda dzina, wopanda m'bale. Sisitere woyang'anira wodiyo anamuuza kuti amutseke maso. Anawatseka. Atachotsa dzanja, anazindikira kuti padziko lonse ndi iye yekha amene akudziwa kuti maso amenewo anali otani.

"Ndinawajambula papepala, ndinadikira kuti mwina wina abwera kudzafunsa. Palibe anabwera. Kenaka kunamwalira wina, ndi winanso. Ndinkatseka, ndinkatseka. Dzanja ili linayamba kukana, Neide. Ndikalifikitsa pankhope, linkauma."

Ndinamuperekeza kwawo. A Quitéria anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye ndachapa makabudula a Crato yense kuti iwe uzidzutsa mitembo?"

"Sindidzutsa munthu, amayi. Ndimangothandiza otsala."

"Otsala ndi ineyo! Wandithandiza chiyani?"

Anakhala osamuyankhula mpaka nyengo ya mvula inadutsa, koma mbale yake ankamusungira pamoto.

Lindalva anabwerera kwa a Deusdete, ndipo mkuluyo manja atakanikiratu anamusiyira shopu ndi maburashi onse. Anakwatiwa ndi Josenildo, woyendetsa lole ya simenti, munthu wanthabwala amene ankauza anzake kuti iye akadzafa mkazi wake adzamuike maso a buluu. Ali ndi ana awiri, mmodzi ndi mphunzitsi. Makompyuta atabwera ntchito inachepa, anzake ambiri anatseka. Iye anagula yake, amakonzera zithunzi zaukwati ndi zaubatizo, koma maso amajambulabe ndi burashi.

A Quitéria anakalamba m'nyumba ya mwana wawoyo. Moyo wawo wonse ankakana kamera. Atadwala matenda omaliza ndinapita kukawaona, ndipo anamuitana Lindalva ine ndikumva.

"Ndikapita, undijambule ngati ukufuna. Diresi undiveke labwino, la maluwa. Koma maso anga usadzawatsegule. Ndaona zokwanira. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Chithunzicho chili pabalaza pawo, pamwamba pa wailesi. Diresi ndi la maluwa achikasu, tsitsi lopesa bwino, maso otseka. Alendo osadziwa amafunsa ngati sichinathe. Tsiku lina tikumwa khofi ndinamuona Lindalva akuchiyang'ana nthawi yaitali, zala zake zikuyenda pang'onopang'ono pathebulo.

"Maso awo ndikuwadziwa mmene angatulukire," anatero. "Si mmene ankandiyang'anira ine ayi. Ndi ena, sindinawaonepo."

Analowetsa dzanjalo m'thumba la epuloni, n'kundifunsa ngati ndikufuna shuga wina.