Kagalimoto ka Atate Kokhotera Kumanzere

Kagalimoto kaja kanabwera ndi alongo anga kuchokera ku Lusaka pa Khirisimasi. Anagulira ana awo, koma anawo atakaseweretsa masiku atatu anatopa nako, ndipo pobwerera anakaiwala pansi pa bedi. Kanali kofiira, ka mtundu wa magalimoto ampikisano, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala. Rimoti yake inali ngati kamfuti. Dzanja lamanzere limagwira n'kumakoka pothamangitsira, lamanja n'kumapotoza kachiwongolero kam'mbali.

Amene anakatola ndi atate. Nthawi imeneyo n'kuti atapuma pa ntchito ya uphunzitsi, akukhala ndi amayi ku Madzimoyo. Ine ndimagwira ntchito yotaipa makalata mu ofesi ina mu Chipata, choncho Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi kukawaona.

Poyamba ankati akungokayendetsa kuti batire lisafe. Koma pofika nthawi yokolola anali atasesa bwalo la kuseri kwa nyumba, pomwe amayi amayanika nsawa, n'kujambula njira ndi phulusa. Njirayo inali ndi makona anayi komanso mzere umodzi wowongoka, wochokera pamtengo wa mapeyala kukafika pankhokwe. Ndinkaseka chamumtima. Awa anali mkulu wa mpingo, munthu amene anaphunzitsa masamu ndi sayansi moyo wake wonse, amene sindinamuonepo akusewera ngakhale nsolo. Tsopano ankaimirira pabwalo atavala jekete, akuthamangitsa kagalimoto, nkhuku zikubalalika.

Loweruka lina mu Juni ndinawapeza atakhala pakhonde, kagalimoto atakagadamitsa pamiyendo.

"Wafika bwino, mayi," anatero. Ankanditchula choncho chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. "Galimoto yathu yadwala. Ikukhotera kumanzere."

Tinapita pabwalo. Anakaika pamtengo wa mapeyala n'kukayendetsa, ndipo zoonadi, kasanafike pakati kanasiya mzere n'kukalowa m'makoko a nsawa kumanzere. Anabwereza katatu, katatu konse chimodzimodzi.

"Tandipatseni ndiyeseko, atate."

Ndinali ndisanagwirepo rimoti ija. Ndinangokoka pothamangitsira, chiwongolero osachikhudza. Kagalimoto kanawongoka mpaka kukagunda mwendo wa nkhokwe.

"Kakuyenda bwinobwino," ndinatero.

"Ndi mwayi umenewo. Kuyesa kamodzi si umboni."

Sindinatsutse. Kwathu atate akanena, nkhani imathera pomwepo.

Tsiku limenelo tinayamba ndi matayala. Atate anali ndi lamulo lomwe ankauza ana asukulu, loti ukafuna kupeza vuto usinthe chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Tinamasula matayala akutsogolo, lamanzere tinaliika kumanja, lamanja kumanzere. Analiyeza lililonse ndi rula yawo yakale yamatabwa. Tinachotsa ulusi ndi tsitsi zomwe zinakulungika m'mawilo. Atakayendetsa, kanakhoterabe kumanzere.

Loweruka lotsatira ndinabweretsa mabatire atsopano a rimoti, poti iwo ankaganiza kuti mphamvu ikachepa uthenga sufika wonse. Sizinathandize. Pamenepo anandionetsa kabatani kozungulira kapamwamba pa rimoti, komwe ntchito yake ndi kuwongola mawilo akapendekeka pang'ono. Anali atakapotokola kale kufika kumapeto. Tinatsegula kagalimotoko ndi sikuludiraiva ya makina osokera a amayi. M'kati munali kamota kakang'ono kokhotetsa mawilo, ndi tindodo tiwiri tachitsulo tochokera pakamotako kupita kumawilo. Atate anagwedezera mutu ngati aona mnzawo wakale. Anandilongosolera mmene zonse zimagwirira ntchito, ine ndikungovomera ngati ndili m'kalasi. Sikuluwu imodzi inawapulumuka kawiri, ndipo kawiri konse ndinaitola ndine. Anati sikuluwu za masiku ano n'zazing'ono mopanda nzeru.

Loweruka lachitatu ndi lomwe limandibwerera mpaka lero. Kunali kachisanu, dzuwa la mmamawa likuwala bwino. Ndinaima kumbuyo kwawo, chakumanja, ndipo m'malo moyang'ana kagalimoto ndinayang'ana manja awo. Kachiwongolero kaja kali ndi sipuling'i, ukakasiya kamabwerera pakati kokha. Atate sankakasiya. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinali zitauma pamenepo, zikukankhira kachiwongolero kumanzere pang'ono chabe, iwo osadziwa. Maso awo anali pakagalimoto, akuluma mlomo, akudabwa kuti n'chifukwa chiyani kakuwakanira.

Ndinatsegula pakamwa. Ndimakumbukira bwino kuti ndinatsegula pakamwa. Koma ndikanayamba bwanji? Atate, vuto ndi dzanja lanu? Kwa munthu amene dzanja lomwelo linalemba pabolodi zaka zonsezo, malemba owongoka ngati osindikiza? Ndinadziuza kuti n'kuzizira chabe, kuti zala za munthu wamkulu zimauma m'nyengo ya chisanu. Amayi anatiitana kuti tiyi wapsa, ndipo ndinasangalala kuti andipulumutsa.

Madzulo ake, pondiperekeza kumsewu waukulu, atate anati, "Sabata ino ndifupikitsa kandodo kamodzi. Ukadzabwera udzapeza yachira."

Lachinayi mmawa anagwa m'dimba akuthirira repu. Mnansi wina amene ali ndi galimoto yonyamulira thonje ndi amene anawabweretsa kuchipatala mu Chipata. Ine ndinathamanga kuchokera ku ofesi n'kuwapeza atagona, mbali yonse yakumanja itafa, pakamwa patapotoka. Adokotala anati ndi sitiroko. Kenaka anatifunsa ine ndi amayi ngati m'masabata apitawo tinaonapo chizindikiro china, monga dzanzi, kugwetsa zinthu kapena dzanja kufooka.

"Ayi," ndinatero ine. Amayi anangoyang'ana pansi.

Atate anakhalabe ndi moyo masabata asanu ndi awiri. Tinabwerera nawo ku Madzimoyo, ndipo mawu sanabwerenso. Tinkawakhazika pakhonde lakuseri kuti aziwothera dzuwa, pomwe ankaona bwalo lija. Mphepo ya mu Ogasiti inafafaniza phulusa pang'onopang'ono. Nthawi zina ankandiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, ine osadziwa ngati akufuna madzi kapena pali chomwe akundifunsa. Anamwalira kutentha kutangoyamba.

Maliro atatha, alongo anga anati nditenge kagalimotoko ndikasunge. Kanakhala pamwamba pa kabati m'nyumba yanga ya ku Kapata miyezi inayi. Lamulungu lina masana nditachokera ku tchalitchi ndinakatsitsa, n'kutchaja batire, n'kukaika pansi pa simenti. Nditangoyatsa, kamota kaja kanalira kuti nzii, mawilo akutsogolo n'kupotokera kumanja okha, ine ndisanakhudze kanthu. Ndinakoka pothamangitsira, ndipo kanayamba kuzungulira kumanja, kuzungulirazungulira pakati pa chipinda, mpaka kanagunda phazi langa. Ndinazimitsa n'kutuluka panja. Ndinakakhala kwa mnzanga mpaka dzuwa kupendeka.

Patapita masiku ndinakakulunga m'chitenje n'kupita nako kumsika, kwa bambo wina amene amakonza mafoni ndi mawailesi. Ndi munthu waimvi, ndipo anaphunzitsidwapo ndi atate kalekale. Kumaliro anabwera.

"Ka aphunzitsi aka?" anafunsa. "Ndinamva kuti anali nako."

Anatsegula n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anabweza kabatani ka parimoti pakati. Anachotsa tindodo tiwiri tija n'kutiika pathebulo moyandikana. Kamodzi kanali kafupi kuposa kanzake, ndipo kanali ndi zipsera za pulayazi. Kadzanja ka pakamota, komwe kamakankha tindodoto, kanali katazulidwa n'kubwezedwa mopendekeka. Anayesa kamotako pakokha, kakuyenda bwino mbali zonse.

"Mayi, kagalimoto aka kalibe vuto lililonse," anatero. "Zonsezi zinachita kusinthidwa dala kuti kazikokera kumanja, ndipo anasintha mwaluso. Kodi ankati kakutani?"

"Ankati kakukhotera kumanzere."

Bambo uja anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Anangoti, "Ndibwezere mmene kanalili?"

Kasitomala wina anabwera, kusiya foni, n'kupita. Kenaka ndinati abwezere. Ndinaima pomwepo n'kumaonerera akuwongola zonse zomwe atate anachita m'masiku awo anayi omaliza ali ndi mphamvu. Sizinamutengere ngakhale theka la ola. Anakayesa m'kanjira ka pakati pa mashopu, kanawongoka, anthu ogulitsa tomato n'kumaseka.

Loweruka lake ndinapita ku Madzimoyo. Amayi ndinawapeza akuswa nsawa za mbewu. Ndinakhala nawo pamphasa n'kuyamba kuthandiza, ndipo tili pakati ndinawauza zonse, za zala zija, za pakamwa pomwe ndinatsegula n'kutsekanso, za bodza lomwe ndinawauza adokotala. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andikalipira.

Amayi anapitiriza kuswa nsawa. Kenaka anati, "Iwe unaona tsiku limodzi. Ine ndinawamanga mabatani a malaya kuyambira pa Isitala."

"Amayi!"

"Kapu ankagwirira kumanzere. Kalata ya kumpingo ndinalemba ndine, iwo akunena mawu. Ndinawauza kuti tipite kuchipatala, anati tikamaliza kukolola. Anandiletsa kuuza ana." Anataya makoko m'lichero. "Za kagalimoto kaja ndimadziwa. Ndinkawaona pawindo. Mwina iwonso ankadziwa. Kapena ayi. Ndinalibe mtima wowafunsa."

Tinaswa nsawa mpaka thumba linatha. Sitinakhululukirane, poti panalibe wodziwa kuti ndani akhululukire mnzake. Amayi anandithirira nsawa zina m'pepala kuti ndikakazinge, ndipo anandiperekeza mpaka pamsewu, ntchito yomwe kale sinali yawo.

Kagalimoto ndinakatumiza ku Lusaka pa basi mwezi wotsatira. Alongo anga sindinawauze kanthu, ndipo mpaka lero sadziwa. Amayi ndimawatenga miyezi iwiri iliyonse kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, afune asafune. Tikakhala pamzere kuchipatala ndimapezeka ndikuyang'ana manja a anthu achikulire omwe ali pabenchi, mmene agwirira makadi awo, ndipo kawiri ndalankhulapo kwa munthu wosamudziwa. Mmodzi anandithokoza. Winayo anandiuza kuti ndisamale zanga.