Nyumba imene anthu sankalowamo

Ndinatuluka kwa asisitere ndili ndi mwana kumbuyo, bulangete limodzi ndi kampoto. Ndinakulira komweko, amayi anamwalira ine ndili khanda, mudzi wathu sindiudziwa. Anzanga akakwatiwa mwamuna ankakamanga kwawo kwa mkazi, nanga ine kwathu kunali kuti? Bambo a mwanayu anakwera sitima pa Balaka kupita ku Halale, basi ziii. Ndiye wansembe wachizungu wa pamishoni anauza aphunzitsi a katekisimu a kwa Kalembo kuti andipezere pogona mvula isanagwe.

Anandipezera msanga. Msanga kwambiri. Nyumba yabwinobwino, chitseko cha matabwa. Ndani amapatsa mlendo nyumba yotere?

Ndinayamba kuyang'anitsitsa. Amayi oyandikana nane ankabwera kudzaona mwana, koma kuima pabwalo. "Lowani, amayi." "Iyayi, pompano pali bwino." Ndikawapatsa madzi, akuti angomwa kumene. Nkhuku ikathawira pakhonde panga, eni ake ankangoisiya. Ndinati kaya ndi ineyo, kaya akundiona wonyada. Mwana akangotsokomola, mtima phaa!

Tsiku lina m'mawa kunabwera amuna ndi nkhwangwa, mitu yometa. Wamkulu wawo ananjuta patali.

"Mayi, tulutsani katundu. Nyumbayi ndi ya achemwali anga, tinawaika mwezi wathawu. Tameta dzulo, lero igwe."

"Aphunzitsi sanandiuze."

"Aphunzitsiwo akuti kugwetsa nyumba ya malemu n'zachikunja. Ankayesa mukalowamo inu, ife tichita manyazi."

Mnzawo anaseka. "Ana a asisitere! Mpaka kuzira pansi pamene panagona maliro!"

Ndakhala ndikugoneka mwana wanga pamene panafera munthu! Ndinafuna kuthawa, koma kuthawira kuti, mitambo itada kale kumapiri? Ndinakhala pakhomo penipeni, mwana ali pabere.

"Gwetsani tili momwemo."

Anayang'anana. Wamkulu uja anati nyumba igwa ndithu, koma andimangira ina kuseri kwa mlambe, mitengo adula okha. "Masiku ano mukagone kwa akazi anga."

Iyayi. Okoma pakamwa ndinali nditawaona kale. Ndikangotuluka igwa, mitengo ija n'kuiwalika. Ndinagonabe momwemo, mwana ndikumugoneka pachifuwa kuti asakhudze pansi, m'mawa uliwonse ndikupita kukagwedeza nsanamira zatsopano kuona ngati zalimba. Ndinasamuka atamaliza kufolera, nditayamba ndalowamo ndekha kuyang'ana ngati denga silikuonetsa dzuwa.