Loji ya Amalume ku Nkope

Chaka chimene ndinkaphunzira kupanga mawebusaiti ndinkagwira ntchito pa shopu yosindikiza mapepala pa Mangochi boma. Makasitomala akachepa masana, ndinkatsegula laputopu yakale ya mwini shopu n'kumatsatira maphunziro a pa intaneti. Ntchito yomaliza inali yakuti aliyense apange webusaiti ya bizinesi yongopeka, koma izioneka bwino pa kompyuta ndi pa foni pomwe. Sikirini ikachepa, zithunzi ndi mawu zizidzisanja zokha.

Ine ndinapeka loji. Ku Mangochi munthu ukafuna kupeka bizinesi, loji ndi imene imayamba kubwera m'mutu.

Zithunzi ndinakajambula kwa amalume ku Nkope. Amalume ndi msodzi wa usipa, ndipo nyumba yawo ili pafupi ndi nyanja. Ili ndi chitseko chabuluu ndi mtengo wa maluwa ofiira pakhonde. Kumanzere kuli mathandala oyanikapo usipa, kumanja khola la mbuzi. Zonsezi zinalowa m'chithunzi chimodzi chachitali.

Nditawafotokozera, amalume anafunsa kuti pa batani loimbira foni ndiikapo nambala ya ndani.

"Yongopeka, amalume. Zonsezi n'zophunzirira chabe."

"Nyumba yanga, nambala ya munthu wina? Ikapo yanga. Mwina wina aona usipawo n'kuimba."

Ndinaikapo.

Chithunzicho chinandivutitsa kwa milungu. Pa kompyuta chinkakhala bwino, koma pa foni chinkafinyika, nyumba n'kuoneka ngati yapanidwa pachitseko. Kenako ndinapeza mzere umodzi wa khodi, malamulo olembera kompyuta, wouza chithunzi kuti malo akachepa chisafinyike, chingodulidwa m'mbali. Nditayesa pa foni yanga, mathandala anachoka, khola linachoka. Panatsala chitseko chabuluu, maluwa, ndi kachigawo ka nyanja kumbuyo. Ndinadzimva kuti ndine katswiri. Pansi pake ndinalemba kuti kuno kuli bata ndi mpweya wabwino, n'kuika webusaitiyo pa intaneti kuti mphunzitsi aione.

Mphunzitsiyo, amene sindinakumanepo naye, anaionera pa kompyuta. Anayankha kuti khodi ili bwino, koma palibe mlendo amene angakopeke ndi loji yokhala ndi mbuzi pakhomo.

Patapita mwezi ndinapita ku Nkope kukacheza. Linali Lachisanu, amalume atangobwera kumene kuchokera ku mzikiti, pamene njinga ziwiri zamoto zinaima pabwalo. Panatsika bambo wovala mkanjo woyera ndi mkazi wake, ali ndi sutikesi yatsopano. Atapatsana salamu, bamboyo anati ndi amene anaimba dzana kuchokera ku Chiponde. Ankagulitsa zitenje kumeneko, ndipo anali atangokwatirana kumene.

Ndinayang'ana amalume.

"Anafunsa ngati malo alipo," anatero amalume. "Ine ndinati alipo. Kodi palibe?"

Mkazi uja anatulutsa foni, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuyang'ana nyumba. Mphepo inkachokera ku mathandala, ndipo tsiku limenelo usipa unali wambiri. Mbuzi imodzi inali itaimika miyendo pa mpanda kumationerera.

"Chitseko ndi chomwechi," anatero mwamuna wake motsitsa mawu.

Ndinapempha foniyo mwaulemu n'kuigoneka cham'mbali. Webusaiti inachita zimene ndinaiphunzitsa. Chithunzi chinatambasuka, mathandala anatulukira uku, khola uku.

"Mukanaitembenuza chonchi, mayi, mukanaona zonse," ndinatero.

"Ndani amagwira foni chogoneka?" anafunsa iye.

Funso limeneli m'maphunziro athu munalibe.

Ndinayamba kufotokoza kuti ndine wophunzira, lojiyo kulibe, ndipo cha ku Makokola kuli malo enieni ogona alendo. Amalume anandidula. Anati munthu wochokera ku Chiponde sabwezedwa pakhomo asanadye. Akazi a amalumewo, amene mpaka nthawi imeneyo sankadziwa kuti amakhala pa loji, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba kukachotsa matumba a chimanga m'chipinda chapakati. Ine anandituma kukapha nkhuku.

Alendowo anadya mpunga pakhonde, pansi pa maluwa aja. Amalume ndi bamboyo atayamba kulankhula Chiyao anapezana kuti agogo awo ankachokera mudzi umodzi, nkhani ya loji n'kuiwalika. Atatha kudya, akazi a amalume anamutenga mkazi uja kupita naye kunyanja kukatsuka mbale. Pobwera ankaseka, ndipo ndikukhulupirira ankaseka ine.

Anagona masiku awiri. Asananyamuke, mkaziyo anandipatsa foni kuti ndiwajambule pachitseko chabuluu, n'kundiuza kuti ndiigwire choimika. Ankafuna kutumizira abale ake.

Atangochoka, akazi a amalume anandiitanira kukhitchini.

"Iwe, chinthu chakocho uchichotse lero. Apo ayi, mawa kubwera basi yodzaza."

Amalume anamva ali panja. Anati ndisachotse, ndingowonjezera kuti alendo azibwera ndi neti yawo ya udzudzu. Anakangana mpaka tiyi anazizira, ine nditakhala pakati ndi foni m'manja. Pomaliza ndinamvera amene ankandiphikira. Webusaitiyo ndinaichotsa ndili m'minibasi yobwerera ku boma, ndipo amalume sanandilankhule mpaka pa chikondwerero cha Idi.