Kathumba ka Khadi

Belo ya zovala zamphatso inafika kutchalitchi kwathu kuchokera kunja. Munali majuzi, zipewa, masokosi. Pansi penipeni amayi a mpingo anapeza kanthu kofiira koluka ndi ulusi. Kanali kotalika ngati nthochi, kathumba m'munsi mwake, ndi chingwe.

Mkazi wanga ndiye ankadziwa kuluka kuposa onse. Anakatembenuza, nati ndi kosungiramo pepala. Masiku amenewo wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika wa Chintheche, ndipo makhadi ankawonongeka ndi thukuta m'matumba. Analuka kena m'mitundu ya mbendera. Khadi ulikulunge, ulilowetse kotalikako. Fodya wamphuno m'kathumba.

Wapampando wa chipani m'dera lathu anakakonda. Anakavala m'khosi pamsonkhano, nalamula kuti mwamuna aliyense akhale nako.

Ine ndinkakadziwa. Ndisanabwere kuno kudzacheka mitengo ya labala ndinagwira m'migodi ku Joni. Kapitawo wathu, mzungu, anapatsidwa kotere ndi anzake pa Khirisimasi. Anaseka mpaka misozi. Ankati kale kumayiko ozizira akazi ankalukira amuna awo oweta nkhosa, kuti azivala kumaliseche, kusaume ndi chisanu. Sikovala m'khosi ayi.

Khadi linali ndi nkhope ya mtsogoleri. Anthu ankatengedwa pa zinthu zochepa kuposa izi. Ndipo woyambitsa anali mkazi wanga, ine mlendo wa kum'mwera wopanda mbale wondiyankhulira.

Ndinapita kwa mkulu wina wosoka maukonde, amene anakhalako ku Joni zaka zambiri. Nayenso kanali m'khosi.

"Ada, mwakaona?"

"Maso anga anatha, mphwanga."

"Nanga wina akanena?"

"Wonenayo ndiye woyamba kukwera galimoto ya apolisi. Amufunsa kuti n'chifukwa chiyani anakhala chete miyezi yonseyi." Anakoka chingwe cha ukonde ndi mano. "Komatu kanga n'kakakulu kuposa kako. Mkazi wako amadziwa kuyeza."

Sindinaseke. Amuna a ku Joni tinalipo ambiri m'mudzimo. Tinkakumana m'njira, aliyense kake pachifuwa, n'kupatsana moni tikuyang'ana mapazi.

Ndinamuuza mkazi wanga ali kumtsinje, akuvuula chinangwa. Ndinanena mawu ochepa. Anaweramuka m'madzimo.

"Bambo a mwana, munakhala bwanji chete tsiku loyamba lija?"

"Apongozi anali pomwepo. Ndikananena bwanji?"

"Ndiye ndisiye?"

"Ukasiya afunsa chifukwa."

Anawerama, napitiriza kuvuula. Masana ake anakhala pakhonde ndi singano zake. Panali tisanu toti amalize usanafike msonkhano wina wa chipani, kena ka m'busa. Sanaimbe monga ankachitira poluka. Ine ndinamugwirira ulusi m'manja kuti aukulunge.

Kanga ndinakavala zaka zitatu, mpaka ulusi unadyeka. Anandilukira kena.