Madisiketi Anga a M'chitini

Chaka chimene aliyense anaphunzira kuvota, ifenso atatu tinachita chisankho chathu. Tinkalemba pulogalamu ya pakompyuta yogawira alimi a mpunga masiku othirira. Ine ndinali ku Lifuwu, mayi wina wa ku Dedza anali ku Salima pa boma, mkulu wathu ali ku Lilongwe. Aliyense ankasintha mbali yake, ndipo tikakumana, mapulogalamu atatuwo sankadziwana n'komwe.

Njira zophatikizira ntchito yathu zinalipo ziwiri. Yoyamba, kutumizirana madisiketi pa matola, atakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Yachiwiri, Lachisanu lililonse kutumiza ntchito kudzera pa waya wa telefoni, ikagone m'kompyuta ina ku Lilongwe, imene ine sindinaionepo.

Ndinachita kampeni yoopsa. "Bwana, fodya wako ndi amene ali pamphuno," ndinatero. "Ntchito yanga ikagone kwa eni, ngati mwana wamasiye?"

"Tivote, achimwene," anatero mkuluyo akumwetulira. "Masiku ano sitikakamizana."

Tinalemba patimapepala, n'kuponya m'chipewa chake. Awiri kwa mmodzi. Ndinaluza, ndipo zinandiwawa kwambiri, chifukwa mayi uja ndinali nditamugulira chambo dzulo lake.

Ndinakhala wotsutsa boma. Miyezi yoyamba ndinkatumiza ndithu, uku ndikung'ung'udza ndi kulira kwa kamakina kolumikiza kompyuta ku waya. Kenako ndinayamba kunyanyala. Masabata atatu sindinatumize kanthu. Ntchito yanga ndinkaisunga pa madisiketi, m'chitini cha mabisiketi, pansi pa tebulo.

Kutatsala sabata imodzi kuti alimi alandire ndandanda ya madzi, kompyuta yanga inazima osadzukanso. Popanda ndandandayo, anthu akanalimbirana madzi m'ngalande, ndipo dzina lotchulidwa likanakhala langa. Koma sindinade nkhawa. Ndinanyamula chitini changa kupita nacho ku Salima, ndikuyenda ngati phungu wopambana.

Mayi uja analowetsa disiketi yoyamba. Inakana. Yachiwiri inalira ngati njinga yopanda mafuta. Anatsegula kachitseko kake n'kundionetsa: nkhungu yoyera, yonga ya pa chimanga chosungidwa chisanaume. Chinyezi cha kunyanja chinali chitadya madisiketi onse khumi ndi awiri.

Anaimba ku Lilongwe, ndipo pasanathe ola pulogalamu inabwera pa waya womwe uja ndinkaunyoza. Inali yonse, kupatula masabata atatu a kunyanyala kwanga. Amenewo ndinawalembanso ndekha masiku anayi, mayiyo akundibweretsera tiyi, zimene zinandipweteka kuposa mawu.

Alimi analandira ndandanda pa tsiku lake. Lachisanu lotsatira ndinatumiza ntchito m'mawa kwambiri, telefoni n'kulira.

"Yafika, achimwene," anatero mkulu uja. "Ndiye zotsatira za chisankho mwazivomera?"

"Ndazivomera, bwana."

"Chitini musataye. Mudzaikamo mabisiketi."