Uthenga umene sunafike kwa Malita

Malita wa ku Lizulu anakwatiwa ndi Fabiano mu 1936, ndipo asanakumbe kachewere kawiri, mwamunayo anapita ku Joni kukagwira ntchito ya mumgodi. Kumeneko chifuwa chinamugwira. Ali pafupi kutsirizika anaitana Obed, mnzake wa kumudzi, n'kumupatsa jasi laubweya limene anagula komweko kuti akapereke kwa mkazi wake. Masiku amenewo munthu akafera kutali, chovala chake chinkafika m'malo mwa mtembo, abale n'kulira, n'kumeta, wamasiye n'kumasulidwa. Obed analonjeza dzanja lili pa Baibulo.

Koma ku Lizulu kumazizira, ndipo jasilo linamukhala bwino Obed. Kuulula za imfayo kukanamuvula jasi. Malita atapita kukamufunsa, iye anati Fabiano anamusiya ali bwinobwino, kungoti ndi waulesi polemba makalata.

Malita anadikira zaka zisanu ndi zinayi. Ankalima yekha, denga likadontha ankapempha alongo ake, ndipo munthu aliyense wotsika basi ndi sutikesi ankamuyang'anitsitsa kumaso. Pa zaka zomwezo Obed anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, chifukwa ankapemphera nthawi yaitali ndi mawu onjenjemera, ndipo kwathu kuno zimenezo timaziyesa chikhristu.

Kenaka Dyton, mmisiri wa matabwa amene mkazi wake anamwalira, anafunsira Malita. Mpingo unakana kudalitsa ukwatiwo poti mwamuna woyamba ali moyo. Malita anatopa, analowa m'nyumba ya Dyton, n'kubereka ana awiri. Bwalo la mpingo litamuitana, amene anaimirira kumudzudzula anali Obed.

"Mayi, munalonjeza pamaso pa Mulungu kuti adzakulekanitsani ndi imfa yokha. Imfayo munaiona kuti?"

"Sindinaione, bambo," anayankha Malita atagwada.

Anamudula mumpingo, ana ake n'kuwakaniza ubatizo, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri n'chimenecho.

Patapita zaka zitatu, mkulu wina wa ku Kandeu anabwera kudzagula mbewu ya kachewere pamsika. Atamva dzina la Malita anavula chipewa, n'kumupepesa maliro a Fabiano, amene iye anakumba nawo manda ake ku Joni. Anafunsanso ngati jasi linafika.

Akulu a mpingo atamupanikiza, Obed analira misozi yambiri, nati Satana anamuiwalitsa. Anamukhululukira Lamulungu lomwelo. Za Malita anakambirana mpaka dzuwa kupendeka, n'kugamula kuti ngakhale anali wamasiye, iye sankadziwa, choncho mumtima mwake anachimwabe. Kuti ana abatizidwe, anayenera kukhala miyezi isanu ndi umodzi m'kalasi ya olapa.

Dyton anamuuza kuti angowasiya anthu amenewa. Malita anakana, nati ana ake sanalakwire munthu. Lachinayi lililonse ankakhala pa benchi ya kumbuyo, osajomba, osadzutsa mutu, Obed akuphunzitsa kutsogolo. Ana aja anabatizidwa mu 1951, ndipo mpaka kumwalira kwake Malita sanamupatsenso moni munthu ameneyo.