Phulusa la Lubani M'kompyuta

Mkulu womanga makompyuta m'kanjira kathu ku Saigon sadziwa kumwetulira. Amalumikiza makina amphamvu a anthu okonza mavidiyo, ndipo amauza aliyense mawu amodzimodzi: "Chimapha kompyuta ndi kutentha. Ipatseni mpweya, si mtembo ayi." Akapeza fumbi m'kati, mwiniwake amakalipiridwa mpaka kukafika kumsewu.

Mwezi watha kunabwera mayi Diệu atanyamula kompyuta ya mwana wawo Khiêm, yemwe anafa pangozi ya njinga yamoto asanamalize vidiyo ya ukwati wa mlongo wake. Mnzake wa malemuyo atayesa kuimaliza, makinawo anazima osayakanso.

Mkuluyo atatsegula anapeza zokupizira mphepo zitatsekeka ndi phulusa lonunkhira, za m'kati zitapsa, ndi vidiyo yomwe.

"Mumaiika pati?" anafunsa.

"Paguwa la makolo, achimwene, pambali pa chithunzi chake," anatero mayiwo. "Ndimamufukizira lubani m'mawa ndi madzulo. Ankaikonda kwambiri. Kodi ndalakwitsa?"

Mkuluyo anayang'ana phulusa lija nthawi yaitali, kenako analiphimba ndi dzanja kuti mayiwo asalione.

"Ayi, achemwali. Ndine ndinaimanga molakwika."